Chithunzi Chophonya

Wang'oma anagwa pampando wake Lamlungu pa 9 Marichi, masana, gulu lawo loimba lili pakati pa nyimbo yachinayi. Holo inali yodzaza. Mazenera anali atawatchinga ndi nsalu zakuda kuti magetsi a pasiteji aziwala bwino, moti m'katimo munali mdima ngakhale kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Wojambula, mng'ono wa mkazi wake, anali atagwada m'kampata ka pakati pa siteji ndi anthu, pafupi ndithu ndi pomwe bamboyo anagwera, koma sanaone. Diso lake linali mu kamera, ndipo kamerayo inali ndi lenzi yaitali, ya 200, yomwe imatenga nkhope imodzi n'kusiya zina zonse kunja. Anangomva ng'oma zikulekeza, kenako mbale yamkuwa ya pang'omazo ikugubuduzika pansi. Pomwe ankachotsa diso, Wabesi anali atataya kale gitala yake ya besi n'kuthamangira kumbuyo.

Madokotala anati ndi sitiroko. Inagwira mbali yakumanja: mwendo, dzanja, theka la nkhope. Inatenganso mawu.

Chakumapeto kwa mwezi womwewo, Wojambula anapeza mkulu wake atakhala pabenchi la m'khonde la chipatala, akusenda lalanje lomwe sanali kufuna kudya.

"Khala apa, iwe," anatero mkuluyo. "Mayi wa mafizo uja akuti alamu akowa tiziwaonetsa zinthu zowakumbutsa. Ndinawabweretsera timitengo tawo ta ng'oma, anangotiyang'ana ngati ta eni. Ndikufuna chithunzi. Ali pang'oma, akuimba, nkhope ikuoneka."

"Mufoni mwanu mulibe, achemwali?"

"Zilimo, koma monsemo angoima njo ngati akujambulitsa cha pachiphaso. Ukawalozetsa foni amauma. Anthu amati nkhope yawo yeniyeni imatuluka akakhala pang'oma. Ine kumadansi ndinasiya kupita ana atabadwa." Anaika khoko la lalanje pabondo. "Ndikuuze zoona. Si za mafizo zokha. Ndikayang'ana nkhope ili pabedi apo, n'kuyesa kukumbuka ija yakale, sikubwera. Imabwera yomweyi, yogwa mbali imodzi. Ndikuopa kuti nditsala ndi imeneyi."

"Zilipo zambirimbiri. Ndibweretsa mawa."

Ananena ndi mtima wonse. Gululo anali atalijambula kwa zaka zisanu ndi zitatu.

Chipinda chake chinali ndi bedi, tebulo ndi bokosi la nsapato lodzaza ndi madiraivu osungiramo zithunzi, lililonse litamatidwa kapepala ka chaka. M'mawa mwake anatsegula laputopu n'kuyamba ndi chaka choyamba.

Kujambula oimba n'kupemphetsa kuwala. Kuwalitsa fulashi n'koletsedwa, magetsi a pasiteji amasintha mtundu munthu asanaphethire, ndipo woimba saima malo amodzi. Pofuna kuti chithunzi chisade, wojambula amatsegula lenzi yonse. Koma lenzi ukaitsegula yonse imakupatsa kuwala n'kukulanda kuya. Diso la woimba limaoneka bwinobwino, mpaka thukuta la pansidze; khutu lake limakhala litayamba kale kusungunuka; ndipo aliyense wokhala kumbuyo amangosanduka utsi wamitundumitundu. Ogula zithunzi amakonda zimenezo. A nyuzi, opanga zikwangwani, ndiponso Woimba wa gululo mwini wake, onse ankayamikira Wojambula pa chinthu chimodzi: kumbuyo kwa zithunzi zake kunalibe zosokoneza.

Wang'oma analimo m'zithunzi zonse. Anali kabanga koyera pamwamba pa phewa la Woimba. Anali mkono wopanda mwini, wotambasuka ngati phiko. Pomwe utsi unachepa, mbale yamkuwa inkamudula nkhope pakati, kapena ndodo ya maiki inkamudutsa pamphuno. Panalinso zithunzi za lenzi yaifupi, ya 35, zomwe Wojambula ankatola kumapeto kuti aonetse siteji yonse ndi manja a anthu. M'menemo bamboyo ankaoneka ndithu, koma mutu wake unali ngati njere. Akaukulitsa, nkhope inkaphwanyika n'kukhala timadontho.

Chaka chachitatu, chachinayi, chachisanu. Tiyi anazizira patebulo. Wojambula sanapite kuchipatala tsiku limenelo. Anatumiza uthenga woti akusankhabe.

Mlamu wakeyo ankadandaula, koma mwanthabwala, ndiye palibe ankazitenga ngati dandaulo. Akamapakira ng'oma m'galimoto ankamuitana mokweza kuti onse amve.

"Mkazi wanga wamng'ono! Kamera yakoyo ili ndi tsankho. Ine ndinailakwira chiyani?"

"Sunthirani kutsogolo, alamu. Kapena phunzirani kuimba pakamwa."

"Ndikaimba pakamwa ine, muholo mutsala mipando yokha. Nayonso izifunsa khomo."

"Ndiye khalani komweko. Tsiku lina ndidzakwera pasiteji ndi lenzi yaifupi, ndidzakuimani pambali pompo."

"Udzandipeza ndilibe mano."

Kukwera pasiteji kunkafuna chilolezo cha Woimba, ndipo kukanamuphonyetsa nyimbo imodzi kapena ziwiri za kutsogolo. Sizinali zovuta kwenikweni. Zinkangoyembekezera tsiku lopanda changu.

Ali m'kati mwa chaka chachisanu ndi chimodzi, anaona kuti chala chake chachikulu chikugwedezeka chokha pamphepete pa tebulo, ngati chikudina kanthu. Anachiyang'ana, ndipo anakumbukira.

Kamera imaphonya. Nthawi zina, Woimba akapendeka mwadzidzidzi, makina olunjika amalumpha phewa lake n'kukagwira chomwe chili kumbuyo. Chithunzi chimatuluka chozondoka: Woimba chimbuuzi, wakumbuyo ngwee. Bwana wake woyamba ku nyuzi anamuphunzitsa kuti chithunzi chophonya sichigona m'khadi la kamera. Ndiye nyimbo iliyonse ikatha, anthu ali kalikiliki kuomba m'manja, Wojambula ankaweramira kagalasi ka kuseri kwa kamera n'kufufuta zophonya zonse, mofulumira, nyimbo ina isanayambe. Ankanyadira luso limeneli, chifukwa ankafika kunyumba ndi khadi loyera. Tsopano anaiona nkhope ya mlamu wake monga inkaonekera pa kagalasiko, kambirimbiri, yowala, mano onse pamtunda, thukuta likuuluka, kwa kanthawi kongokwanira kuti chala chidine.

Kenako anayang'ana chikwama cha kamera, chomwe chinali pansi pa tebulo chikhalire tsiku lija.

Nyimbo yachinayi sinathe. Panalibe kuomba m'manja. Sanafufute kalikonse.

Anachotsa khadi n'kuliika mu laputopu. Nyimbo zitatu zoyamba zinali zoyera monga mwa masiku onse: Woimba, Woimba, Woimba. Mu yachinayi munali zinyalala zonse: maso otseka, dzanja lotchinga pakamwa, kuwala kofiira kotentha nkhope. Ndipo pakati pa zimenezo panali chimodzi chophonya.

Kutsogolo, Woimba anali mtambo wabuluu wodzaza mbali imodzi. Kumbuyo kwake, pansi pa getsi loyera, panali Wang'oma, tsitsi lililonse la ndevu zake likuwerengeka. Mutu anali ataukhotetsera kumbuyo. Maso anali otseka pang'ono. Dzanja lamanzere linali m'mwamba, kamtengo kali m'zala. Pakamwa panali potsegula, ndipo milomo inali itakokekera mbali imodzi. Dzanja lamanja linali kuseri kwa mbale yamkuwa, losaoneka.

Chinali chithunzi chabwino kuposa zonse zomwe anajambulapo. Anachiyang'ana mpaka khosi linauma, kenako anapitiriza zotsatira. Woimba anabwerera m'malo mwake, kabanga koyera kanabwerera paphewa. M'zithunzi zingapo kanali chiimire. Kenako kanapendekera kumanja. Kenako panalibe. Kamera imalemba nthawi pa chithunzi chilichonse, ndipo inasonyeza kuti kuchokera pa chophonyacho kufika pa kupendekako sipanakwane mphindi imodzi.

Gululo linkakonzekera nyimbo m'chipinda cha kuseri kwa malo okonzera matayala. Makoma anali atakhomedwa matiresi akale ndi mathireyi a mazira kuti phokoso lisatuluke. Wojambula anapeza Wabesi ali yekha, akusintha nsambo. Ng'oma zinali pamalo pake, koma mpando unali utatsitsidwa. Gulu linali litapeza kale wina wogwirizira pang'omapo.

"A Kamera! Mwabwera kudzajambula matiresi? Imani kaye ndivale malaya, mimbayi isatuluke mu nyuzi."

"Ndikufuna maso anu, a Besi."

Anamutsegulira laputopu pamwamba pa sipika. Wabesi anapukuta manja pathalauza n'kuwerama. Anayamba ndi kuseka.

"Ndi yemweyu galu ameneyu! Taonani kukamwako. Tinkamunena kuti akutafuna mwala. Amatero akafika paja Woimba amakhala chete n'kumusiyira mpata. Mwachipeza kuti?"

"Ndi cha tsiku lija. Nyimbo yomwe ija."

Kuseka kunatha. Wabesi anakoka kreti n'kukhalapo.

"Mukuti amatero nthawi zonse," anatero Wojambula. "Milomo amakokera mbali iti?"

Wabesi anayesa pankhope yake. Anakokera kumanzere, anakokera kumanja, anabwerezanso.

"Asisi, musandilumbiritse. Ine ndimaima chomufulatira. Munthu ameneyu ndimamudziwa ndi khutu ndi msana. Nkhope ndimaiona mwa apo ndi apo, ndikatembenuka kuti ndimutukwane."

"Tsiku lija munatembenuka?"

"Ndinafuna." Anatola nsambo yakale n'kuikulunga pachala. "Phazi ndi lomwe linayamba kutsalira. Ng'oma yaikulu ija, ya phazi lamanja, inkabwera mochedwa pang'ono, ngati munthu wokoka nsapato. Ndinati mumtima, mkuluyu wadya kwambiri, ndimuuza tikamaliza. Ndinamukokera ndi besi kuti abwerere mu mzere. Ndinkamukoka munthu akugwa."

"Zinayamba poti pa nyimbo?"

"Ndime yachiwiri. Kapena yachitatu. Nanga chithunzichi chili poti pa nyimbo?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye basi. Chithunzi sichilira, asisi." Anayang'ananso. "Adokotala akuti chiyani?"

"Ndinawafunsa dzulo, osawaonetsa. Akuti kwa ena imagwetsa nthawi yomweyo, kwa ena imayamba pang'onopang'ono munthu akuchitabe zomwe amachita."

Kunja munthu wina ankamenya limu ya tayala ndi nyundo. Wabesi anatseka laputopu ndi dzanja lake, mofatsa.

"Mverani ine. Kachiperekeni kwa mayi a kunyumba, munene kuti ndi cha chaka chatha. Ndani angatsutse? Malaya oyerawo amavala dansi iliyonse, ali nawo atatu ofanana. Ine pakamwa panga ndasoka. Mayi aja avutika mokwanira."

"Akachipachika pakhoma, ine ndizikalowa m'nyumba imeneyo n'kumachiona."

"Muzikayang'ana pansi. Tonsefe tili ndi poyang'ana pansi."

Wang'oma anatuluka m'chipatala kumayambiriro kwa Epulo. Loweruka pa 12, Wojambula anapita kunyumbako ndi envulopu yaikulu yakhaki. Panjira yonse anali asanasankhe chonena. Bedi anali atalisamutsira pabalaza chifukwa njinga ya odwala sinkalowa pakhomo la kuchipinda, ndipo mipando inali itaunjikidwa pakona. Bamboyo anali m'tulo. Wojambula anadutsa chonyang'ama n'kulowa kukhitchini, komwe mkulu wake ankaphwanya mapiritsi ndi kuseri kwa supuni.

"Mawa lako lija ndi lero?" anatero mkuluyo osatembenuka. "Ndimati mwina kamera inabedwa."

"Ndabweretsa, achemwali."

Mkuluyo anasamba m'manja, anapukuta bwinobwino, n'kusolola chithunzicho. Anachigwira m'mphepete. Kenako anaseka, kuseka kwakufupi kotulukira m'mphuno, n'kugwira pakamwa.

"Ndi awa. Mayo ine, ndi awa. Ndi mmene ndinawaonera tsiku loyamba, ndili ndi anzanga kumbuyo kwa holo. Ndinati, koma bambo uyu akumenyana ndi ndani?" Anapukuta diso ndi phewa kuti asadonthezere pepala. "Taona ndevuzo. Imvi zayamba kale apa. Unajambula liti?"

Ketulo inali itayamba kulira pachitofu. Wojambula anaizimitsa.

"Pa 9 Marichi. Nyimbo yachinayi. Sipanathe mphindi, anagwa."

Mkuluyo anatsitsa chithunzicho.

"Ndipatse china."

"Palibe china."

"Usandiseweretse, iwe. Zaka zonsezi?"

"Alimo monse, koma sakuoneka. Lenzi yomwe ndimagwiritsa ntchito imagwira munthu mmodzi. Zomwe ankaonekamo bwino zinali zophonya, ndiye ndinkafufuta. Ichi chatsala chifukwa nyimbo sinathe."

"Munthu mmodziyo ndani?"

"Woimba."

"Woimba." Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Anabwera kamodzi kuchipatala, ndi maluwa, ndi munthu womujambula akupereka maluwawo. Ndinadabwa kuti sunali iwe."

Mkuluyo anaika chithunzicho patebulo, pambali pa mbale ya mapiritsi, n'kuphimba theka la nkhope ndi chikhatho. Anayang'ana. Anasuntha chikhatho n'kuphimba theka linalo.

"Mbali iyi akuseka," anatero. "Mbali iyi sindikudziwa."

"A Besi akuti amatero nthawi zonse pa nyimbo imeneyo. Koma sakukumbuka mbali. Akutinso phazi linali litayamba kutsalira, koma sakudziwa kuti linayamba liti."

"Wakhala ukuzungulira nacho tauni yonse?"

"Kwa iwo okha. Anati ndikuuzeni kuti ndi cha chaka chatha."

"Bwanji sunatero?"

"Munandifunsa kuti ndinajambula liti."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, ndi maso omwe ankamuyang'ana nawo ali ana akaswa kapu. Kenako anapumira m'mwamba.

"Ukanandinamiza ndikanagona bwino lero. Ndikanadzadziwa, sukanapondanso pano." Anatola chithunzicho. "Wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Iwe sukudziwa, a Besi sakudziwa, ine sindikudziwa. Mwini nkhope ali pabalaza apo. Tiye."

"Achemwali, mwina chiwapweteka."

"Akhala akupwetekedwa ndi zambiri osafunsidwa. Ichi tiwafunsa."

Wang'oma anali atadzuka. Anamukhazika tsonga ndi mapilo, mkazi wake n'kumukonza kathaulo ka pachifuwa. Anali ataonda, ndipo ndevu zinali zitametedwa kuti kumudyetsa kusavute. Diso lamanja linkatuluka misozi lokha chiyambire matendawo. Mayi wa mafizo anali atawauza kuti asamaiwerengere. Anali atawachenjezanso kuti kugwedeza mutu kwake sikodalirika: nthawi zina ankavomera akufuna kukana.

"Abambo, mkazi wanu wamng'ono wabwera," anatero mkuluyo mokweza pang'ono. "Wakujambulani tsopano. Mwasiya kudandaula?"

"Muli bwanji, alamu?" anatero Wojambula, atagwada pambali pa bedi.

Mkuluyo anaika chithunzicho pamiyendo ya mwamuna wake. Wang'oma anachiyang'ana. Maso ake anayamba pa mtambo wabuluu wa kutsogolo, n'kuudutsa, n'kukaima pankhope. Dzanja lamanzere linatuluka m'bulangete, linagwira m'mphepete mwa pepala, n'kulikokera pafupi. Chala chinayenda pa dzanja lokwezedwa lija, pa kamtengo, pa ndevu. Chinatsikira pa mbale yamkuwa, pomwe dzanja lamanja linabisika, n'kukhala pamenepo.

Mkazi wake anakhala pabedi n'kumugwira bondo.

"Ichi ndi cha tsiku lija, abambo. Tsiku munagwa. Sitikubisirani. Ndikufuna mundiuze chinthu chimodzi. Apa munali mukusangalala, kapena zinali zitayamba kale?"

Wang'oma anakweza maso kwa mkazi wake, kenako kwa mlamu wake. Anatsegula pakamwa. Khosi linagwedezeka, lilime linayesa, ndipo panatuluka liwu lalitali lopanda mawu, lomwe ankatulutsa akafuna madzi, akafuna kutembenuzidwa, ndiponso ana akalowa. Anayesanso kachiwiri. Kenako anatseka pakamwa n'kubwezera maso pachithunzi.

"Chabwino," anatero mkazi wake. "Palibe changu. Mudzandiuza."

Anatambasula dzanja kuti achichotse, nthawi ya mankhwala inali itakwana. Wang'oma sanachisiye. Anachigwira mpaka pepala linapindika pakona, ndipo anamwa mankhwala chili pamiyendo pake.

Sabata yotsatira Wojambula anatsukitsanso chithunzi chomwecho n'kuchiika mu felemu, koma mkulu wake sanachipachike ndipo sanachibweze. Chili pamwamba pa kabati, chotsamira khoma. Chopindika chija chimakhala pabedi. Mayi wa mafizo, yemwe amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, akuti mwendo ukusonyeza kusintha, ndipo mawu kwa ena amabwerera pakapita miyezi, kwa ena sabwerera. Pofika kumapeto kwa Meyi, Wang'oma anali asananene mawu alionse.